Mthunzi m'Vidiyo ya Ukwati

Chaka chomwe mwamuna wake anamwalira, mayi amene antchito a pa situdiyo ankamutcha Amayi a Makina ananamiziridwa pamaso pa anthu. Vidiyo ya maliro a munthu wina inawonongeka, ndipo mlamu wake, yemwe anali atangotenga situdiyoyo, anaima pakati pa chipinda cholandirira alendo, makasitomala ali pomwepo, n'kunena kuti mayiyo waiwononga dala chifukwa cha kaduka. Antchito onse ankadziwa kuti mlamuyo ndiye anazula pulagi kuti aikepo ketulo. Palibe anamuikira kumbuyo mayiyo. Mayiyo anatola chikwama chake natuluka, ndipo sanapondenso pakhomopo.

Anasiya kumeneko bokosi lachitsulo lodzaza madisiki, limene linkakhala m'kachipinda kakumapeto kwa kolido. Makompyuta onse a pa situdiyo ankasunga ntchito yawo m'bokosimo kudzera pa mawaya. Analilumikiza yekha, ataphunzira m'mabuku akale a mwamuna wake popanda womuphunzitsa. Munalinso mavidiyo omaliza amene malemuyo anajambula, momwe mawu ake ankamveka kuseri kwa kamera akuuza anthu kuti asendere pafupi. Mayiyo analibe kwina kulikonse komvera mawuwo. Kuti awatenge anayenera kukagogoda kwa mlamu wake, ndipo zimenezo sakanachita.

Tsiku lina chakumadzulo, akutseka kashopu kake kokonzera mafoni, anafika Sizasi, bambo wadazi amene ankadula ndi kulumikiza mavidiyo pa situdiyo paja. Sanakhale pansi. Anayang'ana kumsewu kaye, kenako anatulutsa foni.

"Amayi, taonani ichi, koma musaseke," anatero monong'ona.

Inali vidiyo ya ukwati. Anthu ankavina, mkwatibwi akumwetulira, ndipo mwadzidzidzi nyimbo inaduka. Panaoneka kolido yamdima, yotuwa ngati phulusa, yopanda munthu, kukungomveka kulira kwapansipansi ngati kwa njuchi zotsekeredwa m'botolo. Kenako ukwati unabwereranso, koma mkwatibwi anali atafika kale kutsogolo. Zapakatipo zinali zitapita.

"Dzulo inali bwinobwino, ndinaidula ndi manja angawa. Lero m'mawa ndaipeza chonchi. Make mkwatibwi ataiona anangonyamuka, n'kuiwala ndi ambulera yomwe."

"Kauzeni abwana anu. Paja amadziwa wowononga mavidiyo," anayankha mayiyo, n'kukhoma loko.

Koma usiku umenewo tulo sitinabwere. Ankangotembenuka, kudzuka, kumwa madzi, kugonanso. Kolidoyo ankaidziwa bwino. Anaikolopa kwa zaka zambiri, ndipo mng'alu wapakhoma umene unaoneka m'vidiyomo anaumata yekha.

Mphekesera zinayamba kuyenda mumsewu wonse. Ena ankati malemu mwini situdiyo wakwiya. Telala wapafupi ankati mabatire a makamera akhala akusowa m'kabati yokhoma. Mlonda anauza anthu kuti kukangoda, bokosi lija limayamba kukukuta ngati munthu wodwala malungo, osaleka mpaka kucha, ndipo iye anasamutsa mpando wake n'kukauika kunja kwa geti. M'mawa uliwonse vidiyo ina inkapezeka itadyedwa pakati: ya ukwati, ya tsiku lobadwa la mwana, ya kwaya.

Sizasi atabweranso, maso ake anali ofiira.

"Tsopano m'vidiyomo muli munthu," anatero, akumupatsa foni.

Kumapeto kwa kolido, pachitseko cha kachipinda ka makina, panaima mthunzi wa mwamuna, nkhope osaoneka, dzanja lili pachitseko, osasuntha. Mayiyo anaonera kachiwiri, kenako kachitatu, ndipo apa m'pamene anasiya kuyang'ana mthunziwo n'kuyamba kuyang'ana kumene chithunzicho chinajambulidwira. Chinali chochokera pamwamba, pakona, pafupi ndi denga.

"Kodi munaika makamera achitetezo?"

"Abwana anaika mabatire atayamba kusowa."

"Nanga zimene amajambula zimasungidwa kuti?"

"M'bokosi lomwe lija. Anakana kugula disiki ina, akuti anangodulako malo kumapeto. Anachita okha masana, ife tikugwira ntchito."

Mayiyo anali atamvetsa zonse. Podula malo m'bokosimo, mlamu wake anachita ngati munthu wosuntha khoma la chipinda katundu akadali momwemo. Gawo lakale la disiki linkaonabe malo akumapetowo ngati ake, pomwe makamera, amene ankayaka usiku wokha, ankalemba pamwamba pa mavidiyo okhala kumeneko. Kumapeto komweko n'kumene kunali ntchito yomaliza ya mwamuna wake. Mankhwala ake oyamba anali mawu ochepa chabe: zulani waya wa makamera. Mawuwo anafika pamilomo, koma anawameza.

"Amene anandichotsa ndi pakamwa pake abwere andiitane ndi pakamwa pomwepo," anatero.

"Amayi, inu ndi alamu anu mitu yanu ndi imodzi. Ikagundana tingayatsirepo moto," anadandaula Sizasi akutuluka.

Mlamuyo sanabwere. Mayiyo ankakhala pamphepete pa bedi mumdima, akumva agalu akutali ndi kudontha kwa mpopi, akudziwa kuti nthawi yomweyo makamera akudya. Ankavala nsapato, kufika pachitseko, n'kuzivulanso. M'mawa ankapsereza mawaya a mafoni a anthu chifukwa chosowa tulo.

Kenako madzulo ena foni inalira. Anali Sizasi.

"Kwabwera anthu odzapemphera. Anena kuti bokosilo lizimitsidwe ligone panja usiku uno. Abwana avomera."

Mayiyo sanakhome n'komwe shopu. Ankadziwa kuti bokosilo likangozima n'kuyakanso, lidzazindikira malire atsopano, ndipo zonse zakuseri kwa malirewo sizidzaonekanso. Anafika kukuda, kolido ili ndi anthu oimba motsitsa mawu. Anaima kunja kwa khomo, zala za mapazi zisanakhudze chiundo cha chitseko.

"Alamu, chotsani dzanja pa switchi imeneyo," anatero, osakweza mawu.

Nyimbo inaleka. Mlamuyo anatuluka m'kachipinda kaja ataonda, malaya atamata pamsana ndi thukuta.

"Mlamu, mwadzaona manyazi anga?"

"Ndadzakuuzani kuti mukazimitsa, maukwati a anthu apita, ndi mawu a akulu anu omwe. Zina zonse ndikhoza kuima pano n'kumaonerera."

Mlamuyo anayang'ana anthu, kenako pansi. M'kachipindamo bokosi linali litayamba kukukuta.

"Lowani, chonde. Ndikukupemphani," anatero.

Mayiyo analowa. Choyamba anazula waya wa makamera, ndipo kukukuta kuja kunaleka nthawi yomweyo, mwakuti mmodzi mwa opempherawo anabwerera cham'mbuyo n'kugunda khoma. Anatuma mlamuyo kukatenga disiki ina kwa mnzake wogulitsa zida. Anakopera zonse zotsala, ndipo sanakhulupirire makina pomwe ananena kuti atha. Anakhazika Sizasi pansi kuti azitsegula zokoperazo imodziimodzi. Atakhutira, anazimitsa makompyuta onse a m'nyumbamo kuti pasakhale wolemba kanthu m'bokosi, anabwezeretsa malire akale, n'kulamula makina afufuze zowonongeka.

"Muziona, alamu, chifukwa sindibwereza. Mumayamba mwasuntha katundu, khoma pambuyo. Mkati muchepe kaye, mafayilo onse achoke kumapeto. Mukatero ndiye mumadula kunja, ndipo simudula pamzere penipeni. Mumasiya mpata."

Mlamuyo ankangogwedeza mutu ngati mwana wasukulu, ndipo mayiyo sanamuyang'ane n'kamodzi komwe.

Kunja kukuyamba kuyera, anatsegula mavidiyo a mwamuna wake. Ambiri anali atadyedwa. Masiku amene iye anakhala akudikira kupepesedwa ndi amene anawadya, ndipo anadziwa zimenezo popanda womuuza. Inatsala imodzi yokha yomveka. Mawu aja anatuluka m'sipika, osasa pang'ono monga kale, akuti, "Senderani pafupi, agogo, simukuoneka." Kenako panabwera kolido ija, ndi mthunzi uja pachitseko.

"Ameneyo ndine. Ndinkabwera usiku kudzayesa kukonza, koma ndinkaopa kulowa," anatero mlamuyo motsitsa mawu.

"Nanga uyu?" anafunsa Sizasi, akuloza chidutswa chotsatira.

Mthunziwo unali pamalo omwewo, koma mutu utapendekera kumanzere, phewa lamanja litakwera, monga amaimira munthu amene wanyamula kamera yaikulu kwa zaka zambiri. Mlamuyo anayang'ana tsiku lolembedwa pakona ya chithunzicho.

"Usiku umenewo ndinagona kuchipatala ndi mwana. Makiyi anali m'thumba mwanga."

"Mumafanana ndi akulu anu," anatero mayiyo.

"Osati choncho, mlamu."

Mayiyo anakopera vidiyoyo yonse, ndi mthunzi womwe, n'kuika m'chikwama chake.

Situdiyo itatsegulidwa m'mawa umenewo, mlamuyo anaitana antchito onse m'chipinda cholandirira alendo, makasitomala ali pomwepo, n'kunena kuti vidiyo ya maliro ija anaiwononga ndi iye, ndipo mlamu wake anamunamizira.