Imfa Yachinayi M'nyumba ya Okalamba

Anakumana pa ntchito, m'nyumba ya boma yosungiramo okalamba. Mkaziyo anali namwino, mwamunayo anali dalaivala wa galimoto ya pamalopo. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi banja lawo linali losiririka. Ankalowa pa geti limodzi akuseka, ndipo agogo okhala pakhonde ankawaombera m'manja.

Zinthu zinasintha atafika mkulu watsopano, mayi wodana ndi phokoso. Okalamba olira, oitana ana awo, okana kusamba, ankawamwetsa yekha mapiritsi ogonetsa, atatu m'malo mwa limodzi. M'miyezi inayi, agogo atatu anagona osadzukanso. Pa mapepala analemba kuti afa ndi ukalamba.

Namwino ankaona mabotolo akutha msanga. Atayesa kufunsa, mkuluyo anamwetulira.

"Kiyi wa kabati ya mankhwala amasunga ndani? Zikavuta, woyamba kumangidwa ndinu."

Kuchokera tsiku limenelo namwino chakudya sichinkamulowa. Akamva galimoto yaima panja, ankangoyesa apolisi abwera kudzamutenga.

Mwana wa mmodzi mwa omwalirawo anakadandaula, ndipo boma linatumiza wofufuza, bambo wa magalasi wolankhula motsitsa. Antchito onse anatseka pakamwa. Namwino yekha ndiye anayamba kukumana naye masana kuseri kwa chipinda chochapira, pakati pa zofunda zoyanikidwa, n'kumamupatsa mapepala amene anakopera mobisa.

"Musauze aliyense, mayi, ngakhale amuna anu," wofufuzayo anamuchenjeza. "Iwo amayendetsa mkuluyo tsiku lililonse. Liwu limodzi likapulumuka, mkuluyo awotcha umboni wonse."

Koma mkuluyo anali atawaona kale. Tsiku lina ali m'galimoto anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Adalaivala, mumandimvetsa chisoni. Sindinena zambiri, koma masana muzikazondako kuseri kochapira."

Nsanje ikalowa mumtima sifunsa kuti wanenayo akufuna chiyani. Dalaivala sanadzifunse. Anakasuzumira, ndipo anaona mkazi wake akunong'onezana ndi mlendoyo.

Ataweruka, anangofika n'kutseka chitseko cha nyumba.

"Kuseri kochapira mumakatani?"

"Ndi za ntchito, bambo a mwana."

"Ntchito yobisalira m'zofunda? Ukundiyesa chitsiru iwe?"

Chikwatiraneni anali asanamutchulepo kuti iwe. Namwino anamuchonderera.

"Ndipatseni masiku atatu okha. Ndidzakuuzani zonse, ndikulumbira."

"Masiku atatu oti mumalizitse zanuzo? Anthu onse akundiseka pa ntchito!"

Anamenya tebulo, makapu n'kugwera pansi, mwana n'kuyamba kulira kuchipinda. Mawu anafika pakamwa pa namwino, koma anawameza. Ankamudziwa mwamuna wake: akanamva, akanathamangira kwa mkuluyo ali wolusa, ndipo zonse zikanamugwera iye wosunga kiyi. Ankaopa ndende, ankaopa mkuluyo, ndipo tsopano ankaopanso munthu wogona naye nyumba imodzi.

Mawa lake masana namwino anapitanso kuseri kuja atatenga mapepala omaliza.

"Bambo, ine sindingathenso. Banja langa likutha," anatero akulira.

Wofufuza anamugwira paphewa. "Limbani mtima, mayi. Mawa ndikapereka zonse kwa apolisi."

Chofunda chimodzi chinakankhidwira pambali. Namwino anaona mwamuna wake, maso ali psuu, m'manja muli sipanala yomasulira matayala.

"Ayi! Imani, ndi za agogo aja!"

Anachedwa. Chitsulo chinatsika kamodzi kokha. Wofufuza anagwa n'kufera m'ngalande ya madzi a sopo, magalasi ake n'kuthyoka, mapepala n'kumwazika. Dalaivala anatola limodzi akupuma mwa wefuwefu. Panalibe mawu achikondi. Panali mayina atatu a okalamba amene iye mwini anawanyamula kupita nawo ku nyumba ya chisoni, ndi masiku amene anamwetsedwa mapiritsi. Anakhala pansi m'matope, ndipo apolisi anamupeza pomwepo.

Panapita miyezi iwiri kuti boma litumize wofufuza wina. Pa nthawi imeneyo agogo enanso awiri anagona osadzuka. Mkuluyo anamangidwa pambuyo pake, koma omwalirawo sanabwerere.

M'khoti namwino anafotokoza zonse osayang'ana kumene kunaima mwamuna wake. Woweruza anagamula zaka makumi atatu. Pomutulutsa, dalaivala anatembenuka.

"Mayi a mwana, bwanji simunandiuze?"

"Ndinakupemphani masiku atatu," anayankha. "Munandipatsa limodzi."

Chitseko cha galimoto ya ndende chinatsekedwa. Munthuyo anakhulupirira mawu ochepa a wakupha kuposa zaka zisanu ndi chimodzi za mkazi wake, ndipo dzanja lake linagwira ntchito imene wakuphayo ankaifuna. Tsopano ali ndi zaka makumi atatu zoti afunse mafunso amene anakana kuwafunsa tsiku limodzi.