Amene Anamvera Mpaka Pamapeto

Reinford anachoka pa Malomo usiku utapita, ngakhale okazinga tchipisi atazimitsa kale moto. Sikuti anachedwa ndi chisangalalo ayi. Ankadikira kuti anthu athe mumsewu, asamuone akumangirira ng'oma zake panjinga.

Ng'omazo anazipanga yekha. Yaikulu inali chidutswa cha mgolo chokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, ndipo ankaimenya ndi mapazi onse awiri, pa zopondera zimene analumikiza ndi tcheni cha njinga ndi mahinjesi a chitseko. Zing'onozing'ono zinali za chikopa cha mbuzi. Palibe anamuphunzitsa. Ali mnyamata kwawo ku Madisi, mnzake wobena nyimbo anamuikira mufoni vidiyo ya anthu a tsitsi lalitali akuimba roko yaukali ija amati hevi meto, ndipo iye anaionera mpaka foniyo inafa. Anayambira pa zidebe za mayi ake. Zaka zinapita, manja analimba, mapazi anayamba kuthamanga ngati matalala pamalata. Chimene sichinabwere ndi omvera. Kutchalitchi anati akuopseza ana. Pa ukwati wina anamuzimitsira jenereta, kuiwala kuti ng'oma sizilira ndi magetsi.

Tsopano anali mkamwini m'mudzi wa mkazi wake Lidia, kumapiri a Ntchisi, ndipo mkamwini waphokoso palibe amamufuna. Amalume ake a Lidia anali atanena poyera kuti chionetsero chake cha ng'oma cha pa Malomo chikapanda kupindula, asankhe chimodzi: kutaya ng'oma n'kumalima fodya ngati amuna anzake, kapena kunyamula ng'omazo n'kubwerera ku Madisi yekha.

Chionetserocho chinachitikira m'holo yoonetseramo mpira. Anthu anabweradi, koma anabwera kudzaseka. Atayamba, amayi anagwira makutu. Iye anatseka maso n'kumenya ndi mtima wake wonse, ndipo atawatsegula anapeza mabenchi okhaokha. Mwini holo, makiyi ali m'manja, anamufunsa mokoma mtima ngati zonse zili bwino m'mutu.

Choncho anayenda akukankha njinga, mtima uli wolemera kuposa katundu. Kunkazizira kwambiri, kuzizira kwa mwezi wa Juni, ndipo nkhungu inali itaphimba madambo. Njira ya kumudzi imatsetsereka n'kukadutsa m'mbali mwa msitu wa manda akale. Masana amadutsapo akuimba mluzu. Usiku umenewu mluzu sunatuluke.

Du... du...

Anaima. Anadziuza kuti ndi miyala imene ikugwedeza katundu. Koma njinga inali itaima, ndipo zikopa zinali zitalefuka ndi mame.

Du... du... du...

Anafuna kuthawa, koma kusiya ng'oma sakanatha. Anakankha njinga. Anapunthwa. Anadzuka. Kenaka patsogolo pake... moto!

Unali moto waung'ono m'mbali mwa njira, ndipo pachipika panakhala bambo wachikulire wovala jasi lakale. Reinford anapuma. Munthu woothera moto ndi munthu basi. Anagwira m'manja n'kupereka moni.

"Zalefuka ndi mame," anatero bamboyo osadzutsa mutu. "Bwerani nazo kuno tiwambe, akamwini."

Aliyense womenya ng'oma amadziwa kuti chikopa chozizira sichilira mpaka uchiyandikize kumoto, ndipo manja a Reinford anayamba kumasula zingwe mutu usanaganize. Bamboyo anatenga ng'oma imodziimodzi, akuitembenuza pafupi ndi malawi, akuigogoda ndi dzanja lamanzere limene linalibe chala chachikulu. Anayang'ana zopondera zija nthawi yaitali, ndipo sanaseke.

Reinford anatambasula manja kuti aothe. Sanamve kutentha. Anayandikira. Palibe! Malawi ankavina, nkhuni sizinkanyeka, utsi kunalibe.

"Menyani," anatero bamboyo.

Anayang'ana njira. Anayang'ana msitu. Anayang'ana ng'oma, zitalimba monga sizinalimbepo. Anakhala pamwala, n'kutola timitengo take.

Anayamba mwamantha, koma ng'omazo zinamuyankha. Mapazi anagwira. Manja anatsatira. Phokoso linadzaza dambo lonse n'kubwerera kuchokera kuphiri. Iye anamenya nyimbo yomwe ija ya m'holo, yonse, osadumpha kanthu, ndipo ulendo uno sanatseke maso. Ankadikira kuona bamboyo akunyamuka. Sananyamuke. Anamvetsera, mutu utapendekeka, chala chikugunda pabondo.

Atamaliza kunati zii. Kenaka mumsitu muja munamveka ngati anthu ambiri akuomba m'manja chapansipansi... kapena anali masamba. Mphepo kunalibe.

"Pakati paja mapazi akumasiya manja m'mbuyo," anatero bamboyo. "Koma ndi nyimbo imeneyi. Ndi nyimbo ndithu."

Reinford analira. Analira ngati mwana, pamaso pa munthu wosamudziwa, chifukwa chiyambire pa zidebe zija palibe anali atanenapo mawu amenewo. Za moto wosatentha anaziiwala, kapena anasankha kuziiwala.

Bamboyo anapitiriza: "Mubwere Loweruka mudzatimenyere. Kwathu ndi pompano, tilipo ambiri, ndipo palibe amatuluka nyimbo isanathe. Mudzangoti mwabwera kwa Tomasi wosema ng'oma."

Anamangirira katundu mofulumira, akuthokoza mobwerezabwereza. Atayenda pang'ono anacheuka kuti atsanzikenso. Mdima wokhawokha. Moto kunalibe, ngakhale khala limodzi. Anathamanga, njinga ikudumpha m'miyala, koma chimene chinkamuthamangitsa sichinali mantha okha. Anali ndi nkhani yokauza amalume.

Lidia anatsegula chitseko ali ndi tochi, maso atatupa ndi kudikira. Reinford sananene za m'holo. Anayambira pa moto, akulankhula mothamanga, kuti wapeza anthu omufuna, kuti Loweruka akamenya, kuti ku Madisi sabwerera ndipo fodya adikire kaye. Atatchula dzina la Tomasi, Lidia anamudula mawu.

"Dzanja lawo lamanzere munaliona?"

Anati analiona, linalibe chala chachikulu.

Lidia anakhala pansi pomwepo. Anamuuza pang'onopang'ono kuti chalacho a Tomasi anachidula ndi kasemasema akusema ng'oma ya kwaya, kuti mudzi wonse unkawadziwa, ndipo iye mwini ankawatungira madzi ali mtsikana. "A Tomasi anamwalira ine ndili kupulayimale. Ali mumsitu momwemo. Kuseri kwa msituwo kulibe mudzi, bambo ake mwana. Kuli manda basi."

Reinford anaika dzanja pa ng'oma yaikulu. Chikopa chinali cholimbabe, chozizira ngati mwala. Lidia anamugwira malaya n'kumupempha, misozi ikutsika, kuti alonjeze kuti sapitako, kuti kukacha akauze amalume kuti ng'oma wazisiya. Iye sanachotse dzanja pa ng'omayo. Anaganiza za mabenchi aja, ndi makiyi m'manja mwa mwini holo.

Tambala woyamba atalira, anafunsa motsitsa mawu: "Kodi a Tomasiwo ali moyo, anali munthu wonama?"

Lidia anazimitsa tochi.

"Ayi," anatero.

Reinford anagwedeza mutu, n'kulowetsa njinga m'nyumba. Ng'omazo sanazimasule.