Kadzino ka Konekita

Febian anatseka shedi ya ndege minibasi yomaliza itapita kale. Anatukwana loko, anatukwana mdima, anatukwananso anthu a kutsidya kwa nyanja amene anamutumizira konekita yolakwika.

Iye anali wa mawaya pa kampani ina yaing'ono yokonza ndege kunja kwa tauni ya Kabwe. Kandege ka asilikali kanagona m'shedimo chilimwe chonse kudikira chinthu chimodzi chokha: konekita yozungulira, yaikulu ngati chitsekerero cha botolo, yolumikiza chingwe cha mawaya a ku injini ndi bokosi loyendetsa mafuta. Itafika inali yokongola ndithu, mapini ake agolide ali waliwali. Koma kulowa, ayi. Makonekita amenewa amakhala ndi kadzino m'mphepete, kamene kamagwera mumpata wake n'kugwira kuti zolumikizidwazo zisasunthe. Kadzino ka iyi kanali pambali pang'ono chabe. Pang'ono penipeni!

Kuitanitsa ina kunali kudikiranso mpaka mvula. Febian anali atatopa ndi mafoni a asilikali, atatopanso ndi anzake omufunsa ngati ndegeyo aisandutse khola la nkhunda. Madzulo amenewo, onse ataweruka, anatenga fayilo yopalira zitsulo n'kupala kadzinoko mpaka kutheratu. Konekita inalowa bwinobwino, mita yoyezera magetsi n'kulira kuti zonse zili m'malo. Chomwe chinkamudya mtima chinali chakuti pa kampanipo wokonza ndege ndiye amayamba kukwera nayo poiyesa, ndipo kuyesako kunali m'mawa mwake.

Njira yachidule yopita kwawo ku Chililalila inkadutsa m'mbali mwa manda akale, kufupi ndi njanji. Febian sankaganiza za manda. Ankayenda akukangana ndi mutu wake womwe. Kadzino n'chiyani? Kodi magetsi amadutsa m'kadzino? Olemba malamulowo anayamba adikirapo katundu miyezi, bwana ali pakhosi? Anamenya chitini ndi phazi, chala n'kupweteka, mkwiyo n'kuwonjezeka.

Kenaka anamva phokoso.

Kwee... kwee... kwee...

Phokosolo ankalidziwa, pakuti manja ake omwe anali atangolichita. Inali fayilo ikudya chitsulo.

Pamanda ena a simenti panakhala munthu wovala ovololo, ataweramira chinthu m'manja mwake. Febian anangoti ndi mmodzi wa akuba mawaya a kopa, ndipo mkwiyo wa tsiku lonse unapeza pogwera.

"Imwe! Simumvela nsoni, mulibe manyazi? Mpaka pamanda?"

Munthuyo sanadzutse mutu.

"Nigwilileniko tochi, mwana," anatero ndi mawu otopa.

Febian sanadziwe chifukwa chake anamvera. Anayatsa tochi ya foni. M'manja mwa munthuyo munalibe kopa. Munali konekita ya ndege, ya mtundu wakale, yakuda bii ngati yatoledwa paphulusa. Munthuyo anailumikiza. Anaisiya. Inaguluka yokha. Anailumikizanso. Inagulukanso.

"Pansi inangena bwino," anatero. "Kumwamba ndiye ivuta."

Fungo linamufika Febian. Mafuta a ndege... ndi nsalu yopserera.

Anafuna kuchoka. Koma anangoima pomwepo. Kuwala kwa foni kunakwera pamkono wa ovololo, kunafika paphewa. Kuseri kwa munthuyo mtanda wa pamanda unali mbee. Chithunzithunzi panalibe!

Kwee... kwee...

"Nasebenza neka maningi," munthuyo anadandaula za ntchito yosatha imene ankagwira yekha. "Nchito siisila. Palibe wonithandiza."

Ndipo anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Nsidze analibe. Tsitsi analibe. Koma ankamwetulira, kumwetulira kwa munthu amene waona mnzake wa ntchito akubwera kudzamulandira.

"Mailo ubwele na fayilo yako, Febian. Yanga yasila meno."

Mayo! Mailo ndiye mawa, tsiku loyesa ndege! Foni inagwa. Febian anathamanga osadziwa kumene akupita. Minga, miyala ya njanji, dzenje... anagwa, anadzuka, anathamangabe. Kumbuyo fayilo inapitiriza ntchito yake, yosafulumira konse.

Miyendo inamubwezera kushedi. Mlonda wa pamenepo, mkulu wina dzina lake January, anali pambaula akuotha moto. Anamvetsera nkhani yonse osamudula, ndipo Febian atatchula fayilo, mkuluyo anavula chipewa nachita chizindikiro cha mtanda.

"Uyo ni Sailas," anatero. "Enze wa mawaya pamene pano, iwe ukalibe kubadwa. Banamutumila konekita yosangena, anatopa kulindila, anaipala. Ndeke inanyamuka bwino, tinaomba na m'manja. Kufika pamwamba pa njanji, injini zii. Ine nenzepo pomuika. Bokosi inali yopepuka monga ya mwana."

Febian anakhala pansi pafumbi.

"Bambili bamumvela apala usiku," January anapitiriza, akumuyang'anitsitsa. "Koma sanakambepo na munthu, olo kuitana zina. Iwe, mwana wanga, wapala chani?"

Febian anadzuka, nalimbana ndi loko mpaka January anamutsegulira. Kandege kanali pomwe anakasiya, kodzaza mafuta, mpando wake wa m'mawa atauika kale lamba. Anatsegula chitseko cha injini, napisa dzanja pakati pa mawaya, nakhudza konekita yatsopano ija ndi chala chimodzi. Anaigwedeza pang'ono chabe, monga mmene injini imagwedezera zinthu ikalira.

Inazungulira yokha, n'kugwera m'dzanja lake.