Gitala Inabwerera M'manja mwa Wina

Tamsin ankakulunga waya pa timaginito ta pikapu, kachipangizo kotola mawu a nsambo za gitala yamagetsi, pamene mnyamata wina analowa m'shopu yake ku Burnie atanyowa ndi mvula.

"Ndine Clancy. Gitala yangayi ikulira ngati yadwala chimfine."

Tamsin anaigogoda ndi chala. "Chivundikiro cha pikapu n'chamkuwa, chikumeza mawu okwera. Tiikepo cha nikelo. Koma thabwalinso si labwino."

"Thabwa? Maginito amamva chitsulo, asisi, samva mtengo!"

"Nanga nsambozo zamangidwa pa chiyani? Pa mphepo?"

Anakangana mpaka tiyi anazizira. Mawa lake Clancy anabweranso, opanda gitala.

Chimwalirireni bambo ake, Tamsin ankadya yekha, wocheza naye ali wailesi. Tsopano foni inayamba kulira m'mawa uliwonse: "Wadzuka bwanji, nsambo ya mtima wanga?"

Akanakana bwanji? Anatsitsa thabwa la blackwood limene bambo ake anasiya likuuma kudenga, nalisema nyengo yonse yozizira kuti amupangire Clancy gitala. Gitala itatha, Clancy anakhudza nsambo imodzi, mawu anatuluka onona, ochedwa kuzilala.

"Wandigonjetsa," anatero akumupsompsona zala. "Ndikaimbe ku Melbourne chilimwe chokhachi. Ndikabwera, ndiwe mkazi wanga. Ndalumbira!"

Chilimwe chinadutsa. Mauthenga anayamba kufupika. Tsiku lina Clancy anatumiza kanyimbo: "Ndikuimba gitala yako, wokondedwa." Tamsin anamvetsera kawiri. Mawuwo anali owonda, olasa m'khutu. Sinali gitala yake.

"Ndi foniyi," anadzinamiza, n'kubwerera kumakina ake.

Masana ena kunalowa mtsikana wansangala atanyamula chikwama cha gitala.

"Ndine Odette. Ndaona dzina la shopu ino mkati mwa gitalayi. Yayamba kulira ngati njuchi, chonsecho ndikufuna ndimuimbire mwamuna wanga paukwati wathu Loweruka, kwathu ku Devonport. Iye sakudziwa kuti ndabwera kuno!"

Anatsegula chikwamacho. Tamsin anaizindikira gitalayo nthawi yomweyo. Thabwa la bambo ake!

"Munaipeza kuti?"

"Clancy anandipatsa tsiku limene anandifunsira. Akuti anaipanga ndi mdala wina wakuno. Alipo bambowo?"

Tamsin anaika gitalayo patebulo. Anene chiyani kwa munthu wosalakwa, maso ali waliwali chonchi? Anamasula pikapu. Kawaya kamodzi kanali kataduka.

Pomwepo foni yake inalira patebulo, uthenga wa Clancy: "Ndakusowa, nkhunda yanga. Pirira pang'ono, ndikubwera."

Anauyang'ana uthengawo nthawi yaitali. Kenako anakoka mpando, n'kukankhira foniyo kwa Odette.

"Khalani pansi, achemwali. Wayayu ndilumikiza pompano. Koma yambani mwawerenga izi."