Zithunzi Zopendekera Kumanzere

Nkhani iyi sindinaithire mchere. Anandiuza ndi mayi woyang'anira laibulale ya m'tauni mwathu, munthu woti sanama ngakhale pa tsiku lobwezera buku. Telala wa pakona, amene zina anaziona ndi maso ake, amavomereza zonse kupatula mtundu wa chipewa.

M'tauniyo munali wojambula zithunzi amene anthu ankamutchula kuti a Katswiri. Dzinali sanachite kupatsidwa ayi. Analilemba okha pachikwangwani cha situdiyo yawo, ndi zilembo zazikulu kuposa za pachipatala. Anali ndi satifiketi pakhoma, kamera yolemera ngati mwana woyamwa bwino, choimikira chake cha miyendo itatu, ndi kalevulo ka amisiri omanga nyumba, kamene ankakaika pamwamba pa kamera kuti khoma lililonse lituluke loongoka. Akafuna kujambula nyumba ankayamba adikira kuti anthu onse achokepo, chifukwa, malinga ndi iwo, anthu amadetsa chithunzi. Zithunzi zawo zinali zoongoka ndithu. Munthu ukaziona unkayamikira amene anamanga nyumbayo.

Munga wawo unali mlamu wawo, achimwene a akazi awo, wokonza njinga. Bamboyu anali ndi mwendo umodzi waufupi, chipewa chimene ngakhale wometa tsitsi ankachita kumunyengerera kuti avule, ndi kakamera kogula kwa munthu, komata ndi tepi. Ankajambula akuyenda, kakamerako kali pachifuwa, dzanja lina likukankha njinga. Zithunzi zake zonse zinkapendekera kumanzere, mbali ya mwendo waufupi uja, choncho anthu anam'patsa dzina loti a Pendeke. Koma zithunzi zopendekazo ndi zimene eni masitolo ankapachika pamwamba pa kauntala. Ena ankafika mpaka pa situdiyo ya a Katswiri, n'kupukuta mapazi bwinobwino, n'kufunsa ngati alamu awo apezekeko lero. A Katswiri ankayankha mwaulemu, kenako n'kukapukuta satifiketi.

A Pendeke atamwalira, sutikesi ya zithunzi zawo, yomanga ndi chubu cha njinga chifukwa loko inathyoka kalekale, inapita kwa mlongo wawo. A Katswiri anadzipereka kukaisunga ku situdiyo, kumene kulibe chinyezi. Pamaliro analira mokwanira.

Patatha chaka kunamveka kuti masitolo akale a mumsewu waukulu agwetsedwa pofuna kukulitsa msewu. Komiti ya laibulale inagwirizana zopachika zithunzi za msewuwo kuti ana obadwa mawa adzaone. Mayi wa laibulale atafika pa situdiyo, a Katswiri anawapatsa mpando wabwino, uja amakhalapo akwati, n'kukonza kolala ya malaya kudikira pempho. Mayiwo anafunsa za sutikesi ya malemu.

A Katswiri anapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti chiswe chinadya zonse, sichinasiye ngakhale kangodya. Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, kuseri kwa situdiyo kunafuka utsi wakuda wonunkha mankhwala. Chiswe chake chinali ndi machesi. Kunyumba anafotokoza nkhani yomweyo, ndipo akazi awo analiranso achimwene awo kachiwiri.

Ntchito yojambula msewu ija inagwera a Katswiri, monga mmene ankanenera kuti inayenera kukhalira poyamba pomwe. Tsopano tauni yonse idzaona kusiyana kwa munthu wophunzira ndi wokonza njinga.

Anayamba m'mamawa, masitolo asanatsegulidwe, kuwala kukadali kofewa. Anaimika miyendo itatu ija moyang'anizana ndi sitolo ya misomali ndi penti, n'kusuntha mwendo uwu ndi uwo mpaka kathovu ka mulevulo kanakhala pakati penipeni. Pakhonde la sitoloyo panali mayi akusesa. A Katswiri anaika manja m'matumba kudikira kuti chithunzi chiyere.

Choyamba chinali fungo. Girisi wa njinga, uja wakale, wosakanikirana ndi fumbi. Mumsewu monsemo munalibe wokonza njinga chimwalirireni a Pendeke.

Kenako, kumbuyo kwawo, tiki, tiki, tiki. Gudumu la njinga yochita kukankha. Phazi limodzi kuponda, linalo kukhwekhwereza.

Anacheuka. Galu yekha, akuyasamula.

Kamera inalira. Tcheke.

Manja awo anali akadali m'matumba.

Anati ndi sipuling'i yatopa. Mayi uja atachoka anajambula chawo choongoka, n'kusamukira pa nyumba yotsatira. Koma pa sitolo ya mankhwala zinachitikanso, pa malo ometera tsitsi chimodzimodzi, ngakhalenso pa holo yakale ya kanema imene tsopano ankasungiramo matumba a simenti. Fungo, gudumu, tcheke. Telala, amene ankatsegula molawirira, akuti ankawaona ataima okhaokha, manja m'thumba, khosi litauma ngati munthu amene wina wamuima pafupi kwambiri m'basi. Tsiku lina anawamva akunong'ona, osatembenuka:

"Alamu, iyi ndi ntchito ya anthu a sukulu."

Mafilimu anawatsuka masana, m'kachipinda kawo kamdima, pansi pa babu lofiira. Kunja ogulitsa anali kuitanira malonda, koma m'kachipindamo munkangomveka madzi akudontha pampopi. Chithunzi choyamba chinayamba kutuluka m'beseni. Sitolo ya misomali. Yopendekera kumanzere. Tsache la mayi uja lili m'mwamba, fumbi likuwala ngati winawake walithira dzuwa, galu kukamwa kuli yasa pakona. A Katswiri anali ataiona sitolo imeneyo zaka makumi awiri, koma tsiku limenelo m'pamene anaiona.

Anayang'ana pagalasi la windo la sitoloyo, pamene wojambula aliyense wosamala amayang'ana, kuopa kuti mwina wadzijambula yekha.

Miyendo itatu panalibe. Iwonso panalibe. Panali munthu wa chipewa, phewa lamanzere lili pansi, manja pachifuwa.

Chachiwiri, yemweyo. Chachitatu, yemweyo. Pampopi madzi analeka kudontha, ndipo fungo la mankhwala otsukira linaphimbidwa ndi la girisi.

Munthu wina akanathawa. A Katswiri anakhala pansi n'kuyerekeza milu iwiri: zimene anajambula ndi chala chawo, ndi zimene zinadzijambula. Zawo zinali zoongoka, zoyera, zopanda munthu, ndipo pagalasi lililonse pankaoneka iwo eni ndi mimba yawo. Mantha analipo, inde, koma chimene chinawatentha pachifuwa sichinali mantha. Munthu wakufa, wopanda ngakhale satifiketi, n'kumajambulabe chonchi, ndi kamera ya eni ake.

Masiku atatu anakhala ndi kaburashi kang'onong'ono ndi inki, kufufuta chipewa pawindo lililonse. Ntchito imeneyi ankaidziwadi. Zipsera za akwati ambiri zinathera m'manja mwawo. Atamaliza anasakaniza milu iwiri ija n'kupita nayo ku laibulale, mumtima akuti munthu wowerenga mabuku adziwa yekha zimene zili za sukulu.

Mayi wa laibulale uja anangoyamba kusankha, ngati munthu akuchotsa miyala mumpunga. Zoongoka zonse zinapita mbali imodzi. Zopendeka makumi atatu anazifungatira pachifuwa.

"Bambo, pepani," anatero. "Sindinkadziwa kuti muli ndi diso lotere."

Mawu amenewa a Katswiri anawadikira zaka makumi awiri. Anafotokoza kuti ndi kajambulidwe katsopano kamene akhala akukaganizira kwa nthawi yaitali. Atabwerera nazo ku situdiyo, anadinda chidindo chawo kuseri kwa chithunzi chilichonse, anawerenga makumi atatu kawiri, anaziika m'katoni, n'kukapereka okha.

Tsiku lotsegulira chionetserocho linali Loweruka masana. Dzina lawo linalembedwa pakhomo ndi zilembo zimene ngakhale iwo anakhutira nazo. Anthu anadzaza. Wometa tsitsi anadzipeza pachithunzi n'kuitana banja lake lonse. Telala anawagwira dzanja a Katswiri n'kunena kuti malemu alamu awo akanaona zimenezi akanachita nsanje. A Katswiri anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wodwala dzino.

Akazi awo ankayenda pang'onopang'ono kutsata khoma, chikwama chili m'khwapa, ndipo pa chithunzi chilichonse mutu wawo unkapendekera kumanzere. Atafika kumapeto, pafupi ndi khomo lotulukira, pamene anthu ambiri anaunjikana, anaima.

A Katswiri anawerenga ndi maso. Makumi atatu anathera pa holo ya kanema. Koma khoma linali ndi china.

Chinali situdiyo yawo, yojambulidwa kuchokera kutsidya kwa msewu, dzuwa likupendeka. Chikwangwani chili bwinobwino. Kuseri kwa denga, utsi wakuda. Ndipo pakanjira ka m'mbali, iwo eni, sutikesi yopanda kanthu ili m'manja, chubu cha njinga chikulendewera.

Anthu ankati chimenechi ndiye choposa zonse.

Mayi wa laibulale amalumbira kuti chinali m'katoni momwemo, pansi penipeni, chikadali chonyowa pang'ono. Kuseri kwake kunali chidindo cha a Katswiri. Zala za mayiwo, akuti, zinanunkha girisi mpaka madzulo.

Akazi awo sanakweze mawu. Analoza ndi chala, osakhudza.

"Abambo, chiswe chija ndi chimenechi?"

A Katswiri anakonza kolala.

"Nanga anakujambulani ndani?"

A Katswiri ankayang'ana windo la situdiyo yawo pachithunzipo. Apa panalibe amene anadutsitsapo kaburashi. Chipewa chinalipo. Phewa linalipo. Ndipo nkhope, imene pa zina zija inkabisika ndi mthunzi, apa inkaoneka bwino. Sinali yokwiya. Inali nkhope ya munthu amene ali pa ntchito.

Masitolo aja anagwetsedwa mwezi wotsatira. Situdiyo inatsala, chifukwa inali kuseri pang'ono. Akazi awo anapempha chithunzi chija n'kuchipachika pabalaza, moyang'anizana ndi mpando wa amuna awo, ndipo za sutikesi sanazitchulenso. Tiyi amawapatsa monga kale. A Katswiri anapaka penti yoyera windo la situdiyo, ndipo tsopano amangojambula tizithunzi ta ziphaso, kutsogolo kwa nsalu. Wovala magalasi amauzidwa kuti avule. Amati ndi lamulo.

Tsiku lina masana anabweranso ku laibulale. Munalibe munthu wina. Anaima pa kauntala nthawi yaitali, akuyang'ana khoma lopanda kanthu. Mayiwo anatseka buku, poganiza kuti mwina munthuyu wabwera kudzatula zimene zili kukhosi.

A Katswiri anawerama, n'kunong'ona.

"Kuwala kwa pa utsi kuja. Mukuganiza kuti anakupeza bwanji? Ine nthawi imene ija ndayesa kasanu."

Mayiwo anatsegulanso buku lija. A Katswiri anagwedeza mutu, ngati munthu amene walakwiridwa koma wasankha kukhululuka, n'kutuluka.

Nsapato zawo zinamveka pakhonde, kenako pamasitepe. Kumbuyo kwawo, mosafulumira, tiki, tiki, tiki.

Mayiwo akuti anapita pawindo. Mumsewu watsopano, wotakata uja, munali a Katswiri okha, akuyenda m'mphepete, atasiya malo okwanira njinga kudzanja lawo lamanzere.