Makanda Amene Nkhokwe Inawadumpha

M'mawa uliwonse atombolombo ankatuluka padenga la ofesi ya zaumoyo, aliyense atanyamula kabotolo ka mankhwala. Atombolombowa anali timakina touluka tokha, ndipo chaka chimenecho, kutabuka malungo achilendo opha makanda, sankapuma. Kopita ankauzidwa ndi Nkhokwe, kompyuta yosunga mbiri ya munthu aliyense m'bomalo m'matebulo ake: tebulo la ana, la nyumba, la odwala.

Koma Nkhokweyo, abale inu, makani! Sinkamva kupempha kapena kulira. Inkafuna funso lolembedwa motsata malamulo ake. Uyambe ndi SANKHA, utchule chomwe ukufuna. Kenako KUCHOKERA, utchule tebulo. Kenako POMWE, uike malire. Ukasokoneza ndondomekoyi inkangokulavulira funso lako. Ntchito yofunsayi inali ya Felesiya Mbendera, ndipo inali itamufika m'khosi. Maso ankamuwawa, msana uli gwa, kumudzi anali atasiya kupondako.

Tsiku lina masana analowa mchimwene wake Lunguzi, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Mkazi wake anali ndi khanda lalikazi.

"Achemwali, mwana watentha thupi. Atombolombo akungodutsa pamwamba pathu n'kukatera kwa aneba. Talakwanji ife?"

"Achimwene, musandiwawitse mutu, ndatopa. Funso langa lilibe vuto. Likusankha mwana aliyense amene dzina lake silili pakati pa omwe alandira kale. Dzina lake ndani, ndimuyang'ane?"

Lunguzi anamuyang'anitsitsa.

"Mukufunsa ine? Mchombo unagwa kalekale. Tikudikira inuyo azakhali ake kuti mudzamutche dzina. Paja inu mumangoti mawa, mawa."

Felesiya anachita mantha. Anatsegula tebulo la ana. Khandalo linalimo ndithu: tsiku lobadwa, sikelo yake, mudzi. Koma pa dzina panalibe kanthu. Ndipo lamulo lake ankalidziwa, analiphunzira ali mtsikana. Nkhokwe siyerekeza malo opanda kanthu ndi china chilichonse. Ukaifunsa ngati akufanana ndi dzina lakuti, sivomera. Ukaifunsa ngati akusiyana nalo, sivomeranso. Imangodumpha mzere wonsewo mwakachetechete, pokhapokha utaufunsa padera.

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Si wanu yekha, achimwene. Ndi makanda onse amene akadali m'chikuta, amene makolo awo akudikira mchombo ugwe kuti awatche dzina."

Anawonjezera mawu ochepa kumapeto kwa funsolo: KAPENA dzina LILIBE KANTHU. Nkhokwe inalandira bwinobwino, ngati palibe chachitika. Mizere ya makanda opanda mayina inayamba kutsika pagalasi la kompyuta, kutsika, kutsikabe. Padenga panamveka chimkokomo, atombolombo akunyamuka onse nthawi imodzi mpaka pabwalo panachita mthunzi.

"Onsewo ndi ana?" anafunsa Lunguzi atagwira pakamwa.

"Thamangani kunyumba. Loweruka ndibwera, zivute zitani."

Dzuwa litapendeka, mlamu wake wa Felesiya, mkazi wa Lunguzi, anaimba foni. Tombolombo anali atatera, mwana wameza mankhwala, kutentha kwatsika, wayambanso kuyamwa. Felesiya anathokoza Mulungu, koma chimwemwe sichinamulowe. Anadzikoka n'kukaima pakhomo la ofesi, chifukwa atombolombo anali atayamba kubwerera.

Ambiri ankabwera m'mwamba, opepuka, atasiya katundu wawo. Koma ena ankaulukira m'munsimunsi, kabotolo kali lende, kosatsegula. Tombolombo akapeza kuti wolandira kulibenso, amabwera nawo mankhwala. Anatera mmodzi, kenako wina, kenako winanso, mpaka Felesiya anangokhala pansi pa simenti.

Maliro a khanda amakaika amayi okhaokha, popanda nyimbo, popanda chilengezo, n'chifukwa chake palibe amene anabwera kudzadandaula ku ofesi masabata onsewo. Ana aja Nkhokwe inali nawo kuyambira tsiku lawo lobadwa, kungoti panalibe munthu amene anafunsa za iwo.