Kamakani Akana Kuchotsa Zilembo

Kunyumba ankamutchula kuti Kamakani. Anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Kamakani ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kusewera nawo masewera a mawu.

Masewerawo anali a achimwene ake. Achimwene anajambula timabokosi pa katoni. Anatola zitsekerero za mabotolo. Pa chitsekerero chilichonse analembapo chilembo. Ankasewera pakhonde ndi msuweni wawo. Ankalumikiza zilembo n'kupanga mawu a Chingerezi.

"Achimwene, ndisewere nawo," Kamakani anapempha Lolemba.

"Ndiwe mwana," achimwene anayankha.

"Achimwene, ndisewere nawo," anapemphanso Lachitatu.

"Ndiwe mwana," achimwene anayankhanso.

Loweruka Kamakani sanapemphe. Anangokhala pansi pafupi ndi katoni. Anatenga zilembo zake.

"Iwe, wakuitana ndani?" msuweni anafunsa.

"Ndadziitana ndekha," Kamakani anatero.

Achimwene anapukusa mutu. "Chabwino, sewera. Koma lamulo ndi ili. Ukaika mawu abodza, watuluka. Sudzaseweranso."

"Ndamva," Kamakani anatero.

Anayamba ndi achimwene. Anaika H, A ndi T.

"HAT. Chipewa," anatero.

Msuweni anaika E ndi N pansi pa T.

"TEN. Khumi," anatero.

Kamakani anayang'ana zilembo zake. Anatenga E. Anatenga M. Anaziika pansi pa H.

"HEM," anatero.

Achimwene anaseka. Msuweni anasekanso.

"HEN ndi nkhuku yaikazi," achimwene anatero. "HAM ndi nyama ya nkhumba. Nanga HEM ndi chiyani?"

"Ndi mpendero," Kamakani anayankha. "Paja amapinda m'munsi mwa diresi n'kusoka."

Kamakani sankanama. Amayi ake anali telala. Anali ndi buku la zosoka la zithunzi. Kamakani ankaliwerenga akaweruka kusukulu. Mawuwo anawaona m'menemo.

"Ine ndili ku sekondale," achimwene anatero. "Mawu amenewo sindinawamvepo."

"Amene simunawamve ndinu," Kamakani anatero. "Koma mawuwo alipo."

"Chotsa zilembo zako. Watuluka."

"Sindichotsa."

"Ndati chotsa!"

"Sindichotsa!"

Msuweni anatambasula dzanja kuti azichotse. Kamakani anachita changu. Ananyamula katoni yonse. Anaisenza pamutu. Anaigwira uku ndi uku.

"Ukupita kuti?" achimwene anafuula.

"Kwa Amayi!"

Kamakani anatsika pakhonde. Anayenda pang'onopang'ono. Sanafune kuti zilembo zisunthe. Achimwene ndi msuweni ankamutsata pambuyo.

Mumsewu anthu ankamuyang'ana.

"Mwana iwe, ukugulitsa chiyani?" wometa tsitsi anafunsa.

"Sindikugulitsa. Ndanyamula mawu," Kamakani anayankha.

Njinga inadutsa pafupi. Ngili! Ngili! Kamakani anaima nji. Khosi linkamupweteka. Manja anatopa. Koma katoni sanaitule.

Anafika kushopu ya Amayi. Makina osokera ankalira. Amayi anaimitsa makinawo.

"Kwagwanji, ana inu?" anafunsa.

Kamakani anatula katoni patebulo. Zilembo zonse zinali m'malo mwake.

"Amayi, achimwene akuti HEM ndi bodza."

Amayi anatenga buku lawo la zosoka. Anatsegula pa chithunzi cha diresi. M'munsi mwa diresi munali kamuvi. Pambali pa kamuviko analembapo HEM.

"Mwaona?" Kamakani anatero.

Achimwene anapinda manja. "Ili ndi buku la zosoka. Si dikishonale. Mawu enieni amakhala m'dikishonale."

Dikishonale ndi buku lalikulu la mawu ndi matanthauzo ake. Kunyumba kwawo kunalibe. Kushopu kunalibenso.

Maso a Kamakani anadzaza misozi. Anaipukuta ndi mkono.

"Mwanangu, khala pansi upume," Amayi anatero.

"Ndipuma ndikamaliza, Amayi."

Kamakani anasenzanso katoni ija. Anatuluka. Ulendo uno Amayi anatsatanso, tepi yoyezera ili m'khosi.

Pakona pa msewu panali bambo wogulitsa mabuku. Anayala mabuku ake patebulo lalitali. Kamakani anatula katoni. Anapereka moni mwaulemu.

"Bambo, muli ndi dikishonale?"

"Ndili nayo, mwanangu."

"Mutiyang'anire mawu awa."

Bamboyo anavala magalasi. Anayang'ana pa katoni. Anatsegula buku lonenepa. Anatembenuza tsamba. Anatembenuza lina.

Chala cha bamboyo chinaima.

"Apa pali HEN," anatero.

"Eya!" achimwene anafuula. "Nkhuku basi! Ndinanena ine!"

Msuweni anayamba kuvina.

Kamakani sanasunthe. Anaimirira ndi zala za kumapazi. Anasuzumira m'bukumo.

"Bambo, bwererani m'mwamba pang'ono," anatero. "M amayamba, N amabwera pambuyo."

Bamboyo anamuyang'ana. Kenako chala chinakwera. Chinakwera mzere umodzi. Chinakweranso. Chinaima.

"Aa! Nawa," bamboyo anatero. "HEM. M'mphepete mwa chovala, mopinda ndi mosoka."

Msuweni anasiya kuvina. Achimwene anatenga bukulo. Anawerenga okha. Anawerenganso kachiwiri. Anakanda m'mutu.

"Alipodi," anatero chapansipansi.

"Sindinamve, achimwene," Kamakani anatero.

"Ndati alipodi!"

Amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Bambo wa mabuku anasekanso.

"Tsono ndatuluka?" Kamakani anafunsa.

"Sunatuluke," achimwene anayankha. "Pepa, mlongo wanga."

Onse anabwerera kushopu. Amayi anachotsa nsalu patebulo. Anachotsa sizasi ndi ulusi. Anaika mipando inayi.

"Nanenso ndipatseni zilembo," Amayi anatero. "Makina apume kaye."

Msuweni anawapatsa zilembo. Amayi anaziyala pamiyendo. Anaziphimba ndi kansalu kuti wina asaone.

Achimwene anasendera pafupi ndi Kamakani. Ananong'ona.

"Kodi m'buku la Amayi muja muli mawu enanso?"

"Alimo ambiri," Kamakani anayankha.

"Tandiuzako amodzi okha."

Kamakani anabisa zilembo zake m'manja. Anamwetulira.

"Ndidzakuuzani mawa, achimwene. Lero ndikufuna ndikupambaneni kaye. Sewerani, ndi nthawi yanu."